Kukadya ku Lyon: mafunso ndi mayankho pa malo odyera zakudya zachifalansa

Chichokereni 2024, pamene Tabitha Chawinga anayamba kusewera mpira ku Lyon, dzina la mzinda umenewu silachilendonso m'makutu mwa Amalawi. Ena mwa ife timapitako kumisonkhano, poti likulu la Interpol lili kumeneko, komanso nthambi ya WHO yofufuza za khansa. Ena amachokera ku Britain kukacheza masiku awiri kapena atatu. Onsewa akamanyamuka funso lawo limakhala limodzi: tikadye kuti? M'munsimu ndasonkhanitsa mafunso amene ndimafunsidwa kawirikawiri, ndipo ndayankha monga momwe ndimaonera ineyo.

N'chifukwa chiyani mukukamba za Lyon, osati Paris?

Chifukwa Afalansa eniake akafuna kudya bwino amaloza ku Lyon. Mu 1935 katswiri wolemba za zakudya, Curnonsky, anautcha mzindawu likulu la zakudya zokoma padziko lonse, ndipo dzinalo linakanirira mpaka lero. Sikuti anangonena mokometsa. Mukayang'ana pamapu muona kuti Lyon wakhala pamene mitsinje iwiri, Rhône ndi Saône, imakumana, ndipo wazunguliridwa ndi madera a ulimi. Nkhuku zimachokera ku Bresse, ng'ombe ku Charolais, nsomba m'maiwe a ku Dombes, vinyo ku Beaujolais chakumpoto ndi kuchigwa cha Rhône chakum'mwera, tchizi kumapiri a kum'mawa. Wophika wa ku Lyon safunika kuitanitsa zinthu kutali. Kuchokera ku Paris pa sitima yothamanga ya TGV ndi ulendo wa maola pafupifupi awiri basi.

Ndili ndi tsiku limodzi lokha. Ndipite kuti?

Pitani ku bouchon, ndipo mupite masana. Ili ndiye yankho langa ngakhale mutakhala ndi ndalama zokwanira kukadya kumalo odula amene buku la Michelin linawapatsa nyenyezi chifukwa chophika bwino.

Bouchon ndi kalesitilanti kakang'ono ka mwambo wa ku Lyon. Matebulo amakhala othithikana, mwina atayalidwa nsalu ya mabokosi ofiira ndi oyera, ndipo chigongono chanu chimagunda cha munthu amene simukumudziwa. Mwini wake nthawi zambiri amakhala pomwepo, akuyendayenda, akulankhula ndi makasitomala ngati abale. Ambiri amati dzinali linachokera ku kamtolo ka nthambi kapena udzu kamene ogulitsa vinyo ankapachika pakhomo kale, kuti wodutsa adziwe kuti muno muli chakumwa.

Chimene chimandikoka ine n'chakuti chakudya cha m'malo amenewa ndi cha anthu wamba. Lyon unali mzinda wa owomba nsalu za silika, amene ankatchedwa canuts, ndipo ambiri ankakhala paphiri la Croix-Rousse. Anali anthu ogwira ntchito yakalavulagaga pa malipiro ochepa, moti mu 1831 ndi mu 1834 anaukira mabwana awo. Nyama yabwino ya minofu inkapita kwa olemera. Kwa iwowa kunkatsala chifu, matumbo, chiwindi, mutu, mapazi. Ndiye anaphunzira kuphika zam'katizo mwaluso mpaka olemera omwe anayamba kuzisirira. Munthu amene anakulira kwathu, amene amadziwa kukoma kwa mang'ina kapena matumbo a mbuzi ophikidwa bwino, akalowa mu bouchon amamva msanga chimene chikuchitika. Alendo ambiri ochokera kumayiko ena amakwinya nkhope akamva zimene zili m'mbale. Ifeyo tilibe chifukwa chochitira choncho.

Tchulani maina. Ndi ma bouchon ati amene ali abwino?

Daniel et Denise ndi amene ndimatumizako munthu wopita koyamba. Mwini wake, Joseph Viola, ali ndi ulemu wa Meilleur Ouvrier de France, umene dziko la France limapereka kwa amisiri opambana pa ntchito zamanja, ndipo ophika amene ali nawo amawadziwira kolala ya mitundu ya mbendera ya dzikolo. Mu 2009 anapambana mpikisano wa padziko lonse wa pâté en croûte, nyama yogaya yokonzedwa bwino n'kuikulunga mu mtanda wa ufa wa tirigu, yomwe amadula zibenthu n'kudya yozizira. Malo ake oyamba ali mu rue de Créqui, ndipo ali ndi ena ku Vieux Lyon ndi ku Croix-Rousse. Kumeneku mupeza zakudya zamakolo koma zophikidwa ndi dzanja la katswiri.

Café Comptoir Abel ali m'dera la Ainay, m'nyumba yakale ya matabwa akuda ndi magalasi okalamba. Kumeneku pitani chifukwa cha quenelle yawo, chakudya cha nsomba yogaya, kapena nkhuku yophikidwa mu kirimu ndi bowa wa mtundu wa morille.

Café des Fédérations, mu rue Major Martin pafupi ndi Place des Terreaux, ndi kwa munthu wofuna phokoso ndi chisangalalo. Simusankha zoyambira. Amangokubweretserani mabakuli, wina wa mphodza, wina wa masoseji odula, wina wa zina, mutapemo nokha, kenaka woperekera zakudya akuuzani pakamwa ndiwo zazikulu za tsikulo. Chez Hugon mu rue Pizay ndi kamalo kakang'ono kwambiri moti mumaona mapoto ali pamoto muli patebulo. Nkhuku yawo ya viniga ndi yotchuka. Pafupi pomwepo pali Le Garet, kumene amati Jean Moulin, mtsogoleri wa olimbana ndi ulamuliro wa Germany pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ankakonda kudyerako.

Brasserie Georges si bouchon, koma sindingaisiye. Inatsegulidwa mu 1836 ndi munthu wofulula mowa wochokera ku Alsace, ndipo ili pafupi ndi siteshoni ya Perrache. Ndi chiholo chachikulu cholowa anthu mazanamazana nthawi imodzi. Chakudya chake chodziwika ndi choucroute, kabichi wosasitsa wodyera masoseji ndi nyama ya nkhumba. Ngati muli gulu lalikulu kapena muli ndi ana, kumeneku n'kosavuta.

Maina a zakudya pa menyu ndi ovuta. Ndiitanitse chiyani?

Tiyambe ndi quenelle de brochet. Brochet ndi nsomba yaitali ya mano, yodya nsomba zinzake, yokhala ngati mcheni wa kunyanja kwathu. Ili ndi minga yambiri, choncho amaigaya, n'kusakaniza ndi ufa, mazira ndi batala, n'kuumba chinthu chotalikirapo ngati mbamu yaing'ono. Akachiika mu uvuni chimafufuma, ndipo chimabwera patebulo chikubwadamuka mu msuzi wofiirira wotchedwa Nantua, wopangidwa ndi tizilombo ta m'mitsinje tofanana ndi nkhanu. Ikakhala yabwino imakhala yopepuka ngati thovu. Ikakhala ya kufakitale imakhala yolemera, ya ufa wokhawokha. Pa chakudya chimenechi m'pamene ndimayezera ngati malo ali enieni.

Tablier de sapeur ndi chifu cha ng'ombe. Amachiwiritsa nthawi yaitali, kuchiviika mu vinyo woyera, kuchigubuduza mu nyenyeswa za buledi, kenaka kuchikazinga mpaka kunja kukhale kokhukhuluza pamene m'kati muli mofewa. Ndimachikonda kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti Mmalawi aliyense wokonda zam'kati achikonda.

Andouillette ndi soseji ya matumbo, imene amaidyera msuzi wa masitadi. Ili ndi fungo lamphamvu, fungo la matumbo lenileni. Pano ndikuchenjezeni moona: ngakhale okonda zam'kati ena imawakanika. Gâteau de foies de volaille ndi ziwindi za nkhuku zogaya, zophikidwa ndi mazira ndi mkaka mpaka zitagwirana, zodyera msuzi wa tomato. Salade lyonnaise ndi masamba owawirako pang'ono, tizidutswa ta nyama ya nkhumba yokazinga, buledi wokazinga ndi dzira lofewa pamwamba. Saucisson brioché ndi soseji yaikulu yophikidwira m'kati mwa buledi wa batala.

Mukaona cervelle de canut musaope. Mawuwo akutanthauza ubongo wa wowomba silika, koma mulibe ubongo m'menemo. Ndi tchizi choyera chofewa, ngati chambiko chokhuthala, chosakaniza ndi adyo, anyezi ndi timasamba tonunkhira. Dzinalo likukumbutsa umphawi wa anthu aja, amene sakanatha kugula ubongo wa nkhosa umene olemera ankadya. Pomalizira pake pamabwera tarte à la praline, yofiira ngati duwa, ya mtedza wa amondi wokutidwa ndi shuga. Imatsekemera kwambiri moti chibenthu chimodzi chimakwanira anthu awiri.

Ndimamva za "amayi a ku Lyon". Anali ndani?

Iyi ndiyo nkhani imene ndimaikonda koposa zonse za mzinda umenewu. Mères lyonnaises anali azimayi ochokera kumidzi amene ankagwira ntchito yophika m'nyumba za mabanja olemera. Ena atachoka pantchito, ena atachotsedwa pamene mabanjawo sankathanso kulipira antchito, anatsegula timalo tawo todyera. Sankaphika zinthu zambirimbiri. Mayi mmodzi ankadziwa ndiwo zinayi kapena zisanu, n'kuziphika tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi mpaka palibe wina womuposa.

Mère Fillioux, amene anamwalira mu 1925, anatchuka ndi nkhuku yotchedwa demi-deuil. Amalowetsa tizibenthu ta truffe, bowa wakuda wonunkhira womera pansi pa nthaka, pakati pa khungu ndi mnofu wa nkhukuyo, n'kuiphika pang'onopang'ono mu msuzi. Madontho akuda pa khungu loyera ndi amene anapereka dzinalo, lomwe likunena za chovala cha munthu amene ali pafupi kuvula zamaliro.

M'khitchini ya mayi ameneyu ndi m'mene munaphunzirira Eugénie Brazier. Iye anabadwa mu 1895 kumudzi m'chigawo cha Ain, anakula akuweta ziweto, sukulu sanapite nayo patali, ndipo anafika ku Lyon ali mtsikana wokhala kale ndi mwana, kudzagwira ntchito ya m'nyumba. Mu 1921 anatsegula malo ake pa nambala 12 mu rue Royale. Mu 1933 buku la Michelin linapereka nyenyezi zitatu kwa lesitilanti imeneyo, ndi zitatu zinanso kwa ina imene anatsegula kumapiri ku Col de la Luère. Anakhala munthu woyamba kukhala ndi nyenyezi zisanu ndi imodzi nthawi imodzi. Ndikaganiza za azimayi a kwathu amene amaphika m'nyumba za anthu moyo wawo wonse popanda wotchula dzina lawo, nkhani ya mayi Brazier imandikhudza mtima kwambiri.

La Mère Brazier ilipobe pamalo omwe aja. Mathieu Viannay anaigula mu 2008, ndipo chaka chotsatira inalandira nyenyezi ziwiri. Nkhuku ya demi-deuil ikuphikidwabe. Mwa malo onse odula a mumzindawu, amenewa ndi amene ine ndingasankhe, chifukwa mukudya mbiri ya Lyon m'chipinda momwe inachitikira.

Nanga kwa Paul Bocuse? Kodi n'koyenera ndalama zake?

Paul Bocuse anabadwa mu 1926 ku Collonges-au-Mont-d'Or, m'mbali mwa mtsinje wa Saône chakumpoto kwa mzinda, ndipo anamwalira mu Januwale 2018 m'nyumba yomweyo. Ali mnyamata, nkhondo itangotha, anaphunzira ntchito kwa mayi Brazier ku Col de la Luère. Lesitilanti yake, L'Auberge du Pont de Collonges, inalandira nyenyezi yachitatu mu 1965 n'kuisunga zaka 55, mpaka mu 2020 pamene Michelin inaitsitsa kufika pa ziwiri. Anthu ambiri a ku Lyon zinawapweteka.

Kumeneku kuli zakudya zitatu zimene anthu amayendera ulendo. Choyamba ndi supu ya truffe yotchedwa VGE, imene anaphikira pulezidenti Valéry Giscard d'Estaing mu 1975. Imabwera m'kabakuli kophimbidwa ndi chipewa cha mtanda wofufuma, ndipo mukachiboola ndi supuni fungo lonse limakukwerani kumaso. Chachiwiri ndi nsomba ya kunyanja yamchere yophikidwa yathunthu mu mtanda woumbidwa ngati nsomba yomwe, mamba ndi zipsepse zomwe. Chachitatu ndi nkhuku ya ku Bresse yophikidwira m'chikhodzodzo cha nkhumba, chomwe chimafufuma ngati mpira n'kusunga nthunzi yonse m'kati. Amachiboola pamaso panu.

Koma konzekerani kulipira mayuro opitirira 200 munthu mmodzi, zakumwa zisanalowepo. Ngati ndi chikondwerero cha ukwati kapena chinthu chimene mwachisungira ndalama nthawi yaitali, pitani, simudzaiwala. Ngati mukungofuna kulawa dzanja la nyumba ya Bocuse, iye anatsegulanso malo anayi otsikirapo mtengo mumzinda momwemo, otchedwa Le Nord, Le Sud, L'Est ndi L'Ouest. L'Est ili mu siteshoni yakale ya sitima ya Brotteaux.

Nkhuku ya ku Bresse ili ndi chiyani chapadera?

Ndi nkhuku ya nthenga zoyera, miyendo yabuluu ndi lipombo lofiira, yoweteredwa panja pa udzu, yodya chimanga, tirigu ndi mkaka, ndipo dzina lake ndi lotetezedwa ndi lamulo kuyambira mu 1957. Mnofu wake ndi wogwira, wokoma ngati wa nkhuku ya lokolo, koma wonona. Amene timadziwa kusiyana kwa nkhuku yakumudzi ndi yachizungu timamvetsa chifukwa chake Afalansa amailipira ndalama zambiri.

Kodi nyenyezi za Michelin zimatanthauza chiyani kwenikweni?

Michelin ndi kampani yopanga matayala ya ku Clermont-Ferrand. Mu 1900 inayamba kusindikiza kabuku kothandiza oyendetsa galimoto, ndipo mu 1926 inayamba kupereka nyenyezi kwa malo odyera. Nyenyezi imodzi ndiye kuti kuphika kwake n'kwabwino kwambiri, ziwiri ndiye kuti n'koyenera kupatukira, zitatu ndiye kuti n'koyenera kunyamukira ulendo. Mu Lyon muli Takao Takano, wophika wochokera ku Japan, ndi Le Neuvième Art ya Christophe Roure, amene anafika pa nyenyezi ziwiri, komanso malo a Christian Têtedoie paphiri la Fourvière pamene mumadya mukuona mzinda wonse pansi. Ofuna nyenyezi zitatu amatsika ndi sitima kupita ku Valence kwa Anne-Sophie Pic, kapena ku Ouches pafupi ndi Roanne kwa banja la Troisgros.

Chizindikiro chimene chingakuthandizeni kwambiri m'buku lomwelo ndi Bib Gourmand, choperekedwa kwa malo ophika bwino pa mtengo wofikirika. Ndipo kumbukirani kuti ma bouchon amene ndatchula aja sathamangira nyenyezi. Ntchito yawo ndi ina.

Sindidya nkhumba. Kodi ndipeza chakudya?

Funso ili ndi lofunika kwa abale athu achisilamu ndi a Seventh Day, ndipo sindikubisirani: Lyon ndi mzinda wa nkhumba. Masoseji pafupifupi onse ndi a nkhumba, ndipo tizidutswa take totchedwa lardons timalowa mu saladi, mu mphodza ndi m'misuzi mosayembekezera. Mawu oti muwayang'anitsitse ndi porc, cochon, lard, lardons, jambon, saucisson ndi boudin. Nenani musanaitanitse kuti "sans porc", kutanthauza popanda nkhumba.

Zina zoti mudye zilipo: nkhuku ya viniga kapena ya kirimu, nsomba, chifu cha ng'ombe, mutu wa mwana wa ng'ombe, tchizi. Komabe misuzi yambiri amathiramo vinyo, msuzi wa Nantua uli ndi tinkhanu tija tomwe a Seventh Day sadya, ndipo nyama ya mu bouchon si ya halaal. Ofuna ya halaal apite kudera la Guillotière, kutsidya kwa mtsinje wa Rhône, kumene kuli malo ambiri a anthu ochokera kumpoto kwa Africa. Couscous wa kumeneko, timibulu ta ufa wa tirigu todyera ndiwo, Afalansa omwe amamuyesa chakudya chawo masiku ano.

Kodi ndi zoona kuti amadya achule ndi nkhono?

Ndi zoona. Miyendo ya achule amaikazinga mu batala ndi adyo, ndipo ndi chakudya cha mwambo kudera la maiwe la Dombes. Imakoma ngati mapiko a nkhuku yanthete. Nkhono amaziphika m'zigoba zake ndi batala wa adyo. Palibe amene angakukakamizeni, monga ifenso sitikakamiza mlendo kudya mbewa kapena ngumbi.

Ndikonzekere ndalama zingati?

Mu bouchon wabwino, chakudya cha magawo atatu chimakhala pakati pa mayuro 25 ndi 40 munthu mmodzi. Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Ku France mawu oti menu satanthauza pepala la zakudya zonse. Pepalalo ndi carte. Menu, kapena formule, ndi chakudya cha mtengo umodzi wokhazikika: choyambira, ndiwo yaikulu, kenaka tchizi kapena chotsekemera. Kusankha menu n'kotchipa kusiyana ndi kutola chimodzichimodzi pa carte. Masana a pakati pa sabata pamakhalanso plat du jour, chakudya cha tsikulo, chomwe chimalembedwa ndi choko pa bolodi.

Ngakhale malo a nyenyezi amakhala ndi menu ya nkhomaliro yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi ya mgonero. N'chifukwa chake ndimati pitani masana. Buledi salipiritsa, ndipo akatha amawonjezera. Madzi a pampopi nawonso ndi aulere mukapempha "une carafe d'eau". Mukangoti madzi, mwina akubweretserani a m'botolo olipira.

Amatsegula nthawi yanji? Kodi ndiyenera kusungitsa malo?

Apa ndi pamene alendo ambiri amagona ndi njala. Nkhomaliro ndi kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 2 koloko. Mukafika 3 koloko mupeza khitchini yatsekedwa, ophika ali kopuma. Mgonero umayamba cha m'ma 7 koloko ndi theka madzulo. Ma bouchon ena akale satsegula Loweruka ndi Lamlungu, ena amatseka Lamlungu ndi Lolemba, ndipo mu Ogasiti ambiri amatseka milungu ingapo. Brasserie Georges ndi pothawira pa nthawi zoterozo, poti imagwira ntchito masiku onse.

Sungitsani malo, pa foni kapena pa intaneti. Kwa bouchon masiku awiri kapena atatu amakwana, koma kwa malo a nyenyezi yambani milungu ingapo isanafike. Ngati mukupita pa Fête des Lumières, chikondwerero cha magetsi cha masiku ozungulira 8 Disembala, mzinda umadzaza moti kupeza tebulo osasungitsa n'kovuta zedi. Mukalephera kupita, imbani muwauze. Kamalo ka matebulo khumi kamaluza kwambiri tebulo limodzi likakhala lopanda anthu.

Ndingadziwe bwanji bouchon weniweni ndi wongokopa alendo?

Mawu oti bouchon aliyense akhoza kuwalemba pachikwangwani. M'misewu yodzaza alendo, makamaka m'dera lakale la Vieux Lyon, lomwe lili m'gulu la malo otetezedwa ndi UNESCO kuyambira mu 1998, muli malo abwino ndi ena ongotenthetsa zakudya za kufakitale. Ineyo ndinagwapo m'malo otere ulendo wanga woyamba. Quenelle inabwera yotentha kunja, yozizira pakati, ndipo ndinachoka ndikuganiza kuti mbiri yonse ya Lyon ndi yokokomeza. Zinanditengera ulendo wachiwiri kuti ndidziwe chimene ndinaphonya.

Kuyambira mu 2012 pali chizindikiro cha Les Bouchons Lyonnais, chimene amapatsa malo oyesedwa kuti akuphika okha zakudya zamwambo. Palinso mawu oti fait maison pa menyu, otanthauza kuti chakudyacho chaphikidwa pomwepo kuchokera ku zinthu zosaphika. Koma maso anu ndi okwanira. Ngati pakhomo paima munthu wokuitanirani ngati kondakitala wa minibasi, pitirirani. Ngati pepala la zakudya ndi lalitali, la zithunzi, m'zilankhulo zisanu, pitirirani. Suzumirani m'kati cha m'ma 1 koloko: mukaona anthu ovala za kuntchito, akulankhula Chifalansa, akupatsana moni ndi mwini malo, lowani.

Nyama imabwera ili ndi magazi. Ndinene chiyani?

Afalansa amakonda nyama ya ng'ombe yofiira m'kati. Bleu ndi yongopsa kunja kokha, saignant ndi yamagazi, à point ndi yapakatikati koma kwa ife imaonekabe yaiwisi. Mukafuna yopsa ngati kwathu nenani "bien cuit". Kapena sankhani ndiwo zophika nthawi yaitali mumphika, zomwe mu bouchon ndiye zambiri. Tartare ndi nyama yaiwisi yeniyeni yodulidwa tizidutswa.

Nanga zakumwa?

Mu bouchon vinyo amabwera mu pot, botolo la galasi lokhuthala pansi lolowa masentilita 46. Nkhani imene anthu amasimba ndi yakuti mabwana a silika ankayenera kupatsa antchito theka la lita, koma anachepetsako pang'ono kuti pa lita iliyonse patsale kapu yawo. Mumasankha Beaujolais kapena Côtes du Rhône, ndipo pot mmodzi amakwana anthu awiri. Ngati simumwa, palibe amene angadabwe. Khofi amabwera pomaliza penipeni, wakuda, m'kakapu kakang'ono.

Kodi ndisiye kangachepe kwa woperekera zakudya? Nanga zotsala ndinganyamule?

Malipiro a utumiki ali kale m'kati mwa mtengo wolembedwa. Mukasangalala, kusiya mayuro awiri kapena atatu patebulo n'kokwanira. Bilu sabweretsa mpaka mutaipempha nokha, chifukwa kwa iwo kuibweretsa msanga kuli ngati kupirikitsa mlendo. Zotsala mukhoza kunyamula: kuyambira mu Julayi 2021 lamulo limati lesitilanti ipereke chotengera kwa kasitomala amene wapempha.

Sindidziwa Chifalansa. Kodi andilandira bwino?

Akulandirani, bola muyambe ndi moni. Mukalowa nenani "bonjour" masana kapena "bonsoir" madzulo, muwonjezere "madame" kapena "monsieur", ndipo dikirani akuonetseni pokhala. Kwathu munthu sangalowe pakhomo pa eni osaodira n'kuyamba kufunsa madzi, ndipo ku France ndi chimodzimodzi. Alendo ambiri amene amadandaula kuti Afalansa ndi amwano amakhala kuti anadumpha moni. Pofuna woperekera zakudya, kwezani dzanja pang'ono n'kunena "s'il vous plaît". Musamuimbire mluzu kapena kumukodola ndi zala. Achinyamata ambiri amamva Chingerezi.

Kodi munthu wozolowera nsima amakhuta?

Mu bouchon mukhuta mpaka kulephera kumaliza. Ndiwo zimabwera ndi mbatata yakachewere yophikidwa mu kirimu, mpunga kapena makaroni a mu uvuni, ndipo buledi ndi wokombezera msuzi. Kumalo a nyenyezi mbale zimakhala zazing'ono koma zambiri motsatizana, ndipo mumakhala patebulo maola atatu.

Ndatsala ndi m'mawa umodzi ndisanakwere sitima. Ndichite nawo chiyani?

Pitani ku Les Halles de Lyon Paul Bocuse, msika wofoleredwa umene uli mu cours Lafayette, kamtunda kochepa kuchokera ku siteshoni ya Part-Dieu. Unatsegulidwa pamalo amenewa mu 1971, ndipo muli ogulitsa opitirira 50. Ophika a m'malesitilanti ambiri amagula kumeneku, moti mumaona zimene munadya dzulo zisanalowe mumphika: nkhuku za ku Bresse zili ndi mitu ndi miyendo yabuluu ija, masoseji a kwa Sibilia atapachikidwa, tchizi cha Saint-Marcellin cha kwa Mère Richard chofewa moti chimafuna supuni. Lolemba musapite, mabenchi ambiri amakhala otseka.

Owomba silika aja ankayamba ntchito kusanache, ndiye pofika pakati pa m'mawa ankakhala pansi kudya mâchon: nyama, tchizi, buledi ndi pot wa vinyo. Mwambowu sunafe. Mumsikamo muli timakauntala tokhala ndi mipando italiitali, ndipo Lamlungu cha m'ma 10 koloko mupeza mabanja athunthu, agogo ndi zidzukulu, akudya pamenepo. Khalani nawo, itanitsani mbale ya masoseji odula kapena tchizi ndi buledi. Mukamagula zopita nazo, kumbukirani kuti nyama ndi tchizi amaziletsa pazipata za mayiko ambiri, choncho za kunyumba gulani ma praline ofiira aja, amene amayenda bwino m'chikwama ndipo ana amawakonda.